Pamene Ulusi wa Abambo Unada

Lachiwiri, pa 14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikudziwa kuti envulopu iyi mwaitsegula chifukwa zolemba zanga zimafanana ndi za malemu amayi. Ndachita dala, mundikhululukire. Nambala yanga munaitsekera kunja miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, ndiye ndinalibe khomo lina lolowera. Amene wakupatsirani kalatayi ndi dalaivala wa lole, mwamuna wa mnzanga wina. Musamupanikize ndi mafunso, sakudziwa kanthu.

Musanawerenge mzere wina, chitani ichi. Tulutsani mwana wanu Kafunsefunse m'chipinda chake, mukhome chitseko, kiyi muike m'thumba lanu. Bokosi la amayi lija musalitsegule, musalikoke, musalisunthe ngakhale pang'ono. Mukatero bwerani mudzakhale pansi, munditukwane mmene mungafunire, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Alamu anandiuza pa foni Lamulungu kuti atamva mawu anga anamugoneka mwanayo pabalaza tsiku limodzi, inu n'kukalipa kuti, “Zimenezo ndi nzeru za mlongo wanga, akufuna bokosi.” Akuti a ku boma atakuimbirani munawadulira foni, poganiza kuti ndawatuma ndine kuti akuopsezeni. Kuwatuma ndinawatumadi. Koma bokosilo, achimwene, sindikulifuna. Ndikanakonda mmisiri amene analikhoma akanadwala dzanja tsiku limenelo.

Ine kuno ndili bwino, za ine musade nkhawa. Nkhani ndi iyi.

Mukukumbukira ulusi wa abambo? Kaulusi kagalasi kaja, kowonda ngati tsitsi, kamene anakhomerera m'munsi mwa makoma kuzungulira nyumba yonse ife tili ana, mamita makumi anayi. Inu munalandira makofi awiri chifukwa chomangirirapo galimoto yanu ya mawaya, ndipo ine ndinaseka mpaka ndinalandira langa. Uprofesa wawo wonse unatsamira pa ulusi umenewo. Ukalowetsa kuwala kumapeto kuno, kumatulukira kumapeto uko. Koma ulusiwo ukakhala pafupi ndi cheza chosaoneka chija, chimene madokotala amaotchera nacho khansa, galasi lake limada pang'onopang'ono, kuwala n'kumatuluka kochepa. Ukayeza kuwala kumene kwatayika, wadziwa kuchuluka kwa cheza chimene chadutsapo. Nzeru yonse ndi yomweyo basi, ngakhale abambo ankatha kuifotokoza maola atatu mpaka tiyi kuzizira.

Poyeza chilichonse pamafunika choyerekezera. Ulusi wa ku labu, wa ku chipatala, wa ku migodi, wonsewo ankauyerekeza ndi wa kunyumba kwathu. “Kunyumba ndiye ziro,” ankatero. “Muno mulibe choopsa chilichonse kupatula amayi anu akakwiya.” Amayi ankangowayang'ana m'mwamba mwa magalasi awo, phazi lili pa makina osokera.

Zaka khumi ndi zinayi zapitazo, ine nditangoyamba kugwira nawo ntchito, tinapeza kuti ulusi wa kunyumba nawonso wada. Makina amene tinali nawo nthawi imeneyo ankangotiuza kuti kuwala kwachepa, osanena kuti kwatayikira pati. Abambo anakanda ndevu masiku awiri, kenako anati, “Ndi ukalamba. Galasi limakalamba lokha ngati maso a munthu.” Tinalemba pepala, dzina lawo patsogolo, langa pambuyo. Pepalalo linkauza aliyense woyeza ndi ulusi kuti chaka chilichonse azichotsera kagawo kakuti pa zimene wapeza, poti kameneko si cheza, ndi ukalamba chabe. Linamera mapiko. Anthu a m'zipatala ndi m'migodi, m'maiko amene ife sitinapondeko, anayamba kuchotsera monga tinawauzira. Udokotala wanga umene munkanditonza nawo uja, kuti dokotala wanji wosadziwa kubaya jekeseni, unachokera pomwepo.

Za foni yawo mukuzidziwanso. Anaitchera kuti katswiri wina aliyense padziko akatchula pepala lathulo m'zolemba zake, izilira kuti ting'. Ikalira ankadzuka ngakhale pakati pa chakudya, n'kufuula kuti, “Wina wandipatsa moni!” Pamene ankamwalira, moniyo anali atakwana 1,146. Foniyo ikadali m'dirowa ya tebulo lawo, ndipo amene ndimaitchaja ndine, musandifunse chifukwa. Yakhala ikuliralirabe. Ukhala uli kukhitchini masana, nyumba ili zii, umve ting' kuchokera m'chipinda chotseka, ndipo makutu amadikira okha kuti amve mpando ukukokedwa.

Mwezi watha akulu a nthambi yathu ku yunivesite anandiitana. Ndi bambo uja wa dazi amene analankhula mphindi makumi anayi pa maliro a abambo, mpaka inu munanong'ona kuti malemu adzuka kuti amuletse. Anati labu ipatsidwa dzina la abambo, kudzabwera alendo ochokera kutali, ndipo akufuna chidutswa cha ulusi woyambirira uja chiikidwe m'galasi pakhomo.

“Ndipo mutijambulire kamzere kokongola, adokotala,” anatero, “koonetsa mmene wakalambira. Alendo amakonda tizithunzi.”

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkafuna ndikuitaneni, mwina tikanayambira pamenepo kulankhulana.

Loweruka lotsatira ndinatenga makina atsopano a ku labu n'kupita nawo kunyumba. Amenewa ndi ochenjera kuposa akale aja. Amaponya kuwala mu ulusi n'kumvetsera kumene kukubwerera, ndipo amakuuza kuti kwatayikira pa mita yakuti. Inali cha m'ma leveni m'mawa, kunja dzuwa lili phwee, koma m'nyumba munali mdima chifukwa makatani sindinawatsegule chichokereni inu. Mipando ili chivundikirire ndi nsalu. Ndinayamba ndalowetsa kuwala kofiira kuti ndione ngati makoswe sanadule ulusi. Kunayenda, achimwene. Kamzere kofiira kanaoneka m'munsi mwa khoma, kakuthwanima pa ngodya iliyonse, kukhota pakhomo la balaza, kulowa m'kanjira ka kuzipinda, ngati nyumba yatulutsa mtsempha.

Kenako ndinalumikiza makina aja. Ukanakhala ukalamba, mzere wa pa sikirini ukanatsetsereka pang'onopang'ono kuyambira mita yoyamba mpaka yomaliza, chifukwa ulusi wonse unakhomedwa tsiku limodzi. Koma mzerewo unayenda chowongoka, ngati ulusi wogula dzulo. Utafika pa mita 17 unagwa kamodzi ngati sitepe, n'kupitirizanso chowongoka mpaka kumapeto.

Ndinati makina apenga. Ndinawazimitsa, ndinapukuta nsonga ya ulusi, ndinayatsanso. Mita 17. Ndinanyamula zonse n'kukayezera kumapeto kwinako, kukhitchini. Kunatuluka mita 23. Inu masamu munkawathawa, koma apa simufunika thandizo: 40 kuchotsa 17. Ulusi wa abambo sunakalambe. Unapsa malo amodzi, otalika ngati mkono wanga.

Tepi yoyezera inalibe m'chikwama changa, ndiye ndinatenga ya amayi yosokera, yachikasu ija, imene ikadali pa msomali wake. Ndinagwada n'kuyamba kukwawa motsatira khoma, ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Mita yachisanu inathera kuseri kwa kabati ya mabuku. Yachisanu ndi chinayi inalowa m'chipinda chanu chakale, pamene munalemba dzina lanu ndi msomali. Ya 14 inadutsa pakhomo la bafa. Pofika pa 15 ndinaleka kuwerenga mokweza, chifukwa ndinali nditaona kale kumene ulusi ukulowera. Unalowa m'chipinda chosokera cha amayi, n'kukhota kumanzere. Mita 17 inathera pansi pa zenera.

Pamalopo panalibe kanthu. Panali chabe chizindikiro cha ngodya zinayi pa simenti, poyera kuposa pena ponse, pamene bokosi la amayi linakhala zaka zonse zija.

Ndili chigwadire choncho, tepi ili m'manja, foni ya abambo inalira m'chipinda china. Ting'. Ndinadzimva ndikuyankha ndekha kuti, “Ndamva, ababa.”

M'galimoto ndinali ndi kachipangizo kaja abambo ankakatcha nkhululu, kamene kamalira tche, tche kakamva cheza. Ndinakatenga n'kukayendetsa pa simenti, pakhoma, pazenera, pa makina osokera. Kanangolira apo ndi apo, monga kamachitira pena paliponse. Sindinaopepo phokoso mmene ndinaopera bata limenelo. Chinthu chinali pamenepo zaka zambiri, chikutentha ulusi mwakachetechete, ndipo tsopano chinali chitachoka.

Mabuku awo a ku labu, achikuto chakuda aja, alipo makumi atatu ndi limodzi. Ndinawawerenga masiku atatu. M'buku la zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo ndinapeza chaka chimene ankasintha denga la labu. Mwina mukukumbukira, ndi nthawi imene akuba zitsulo anazula mpaka mipope ya madzi. Mu labu munali kambiya ka mtovu, kolemera ngati matumba angapo a simenti, ndipo m'kati mwake munali kanjere kachitsulo kakang'ono ngati nyemba, kamene kamatulutsa cheza choyesera ulusi. Abambo anaopa kuti akuba akatenga kambiyako n'kukakaswa, anthu adzafa. Analemba kuti: “Ndakatengera kunyumba. Milungu iwiri yokha. Chivindikiro chagwa pa galimoto, sichikukhala bwino. Ndikonza sabata yamawa.”

Mukukumbukira sabata imene anati pansi pa bokosi la amayi padyedwa ndi chiswe, n'kudzitsekera nalo m'chipinda tsiku lonse ndi sowo ndi hamala? Amayi anawayamikira mpaka anawasokera malaya. Kuyambira tsiku limenelo bokosilo linakana kusuntha, ndipo posesa tinkangolizungulira.

Masamba angapo kutsogolo analemba kuti kalaliki wa ku ofesi walakwitsa, walemba kuti kambiyako kanabwezedwa kwa amene anatigulitsa, ndipo iwo asaina osawerenga. Kukabweza tsopano kunali kuvomera kuti anatulutsa chinthu choletsedwa, anachisunga m'nyumba ya ana, ndipo anasainira bodza. Labu ikanatsekedwa. Ndiye milungu iwiri ija inasanduka zaka. Ndikukhulupirira kuti poyamba ankadalira mtovu uja ndi mtima wonse. Ndikukhulupiriranso kuti tsiku limene ananena za ukalamba wa galasi, ankakhulupirira zimene ankanena, kapena ankafunitsitsa kuzikhulupirira. Pamenepa sindingalumbire.

Chimene ndingalumbire chili m'buku lomaliza. Zaka zisanu zapitazo, sabata imene madokotala anatiuza kuti magazi a amayi aonongeka, abambo anabwereka makina atsopano omwe aja n'kupita nawo kunyumba okha. Tsamba lonse lili ndi mawu anayi basi: “Mita 17. Si ukalamba.” Masamba otsatira ndi oyera mpaka kuchikuto.

Anadziwa, achimwene. Ndalemba mawu amenewa katatu, ndafufuta kawiri.

Tsopano zinthu zambiri zimene ndinkaziseka zabwerera kudzandiyang'ana. Amayi ankasoka atakhala pa bokosilo, ataikapo kakhushoni kobiriwira, chifukwa linali lolingana bwino ndi makina. Chaka chimene analemba mawu anayi aja, abambo anabwera ndi mpando watsopano, wofewa, wozungulira. Amayi anati, “Ine ndizizungulira ngati bwana wa ku banki? Chotsani uko.” Abambo anati bokosi lipite ku galaja, chiswe chabweranso. Amayi anati, “Bokosi la ukwati wanga likagone ndi matayala? Mukagoneko ndinu.” Abambo anaseka nawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawu awiri okha akanakwanira, koma m'thumba mwawo foni inali ikulira ting', ting'.

Ndipo matambula aja. Asanu ndi limodzi, mphatso ya pa ukwati wawo, amene ankasungidwa pansi penipeni pa bokosi n'kumatulutsidwa kukabwera alendo olemekezeka. Mukukumbukira mmene anayambira kusintha mtundu, kufiirira ngati tiyi wopanda mkaka? Amayi anawakwecha ndi sopo, ndi mchere, ndi mandimu, mpaka zala zinasupuka. Anandinamizira ine kuti sinditsuka bwino. Tsiku lina ndinawapeza atawanyamulira ku zenera, akuyang'ana, n'kunena chapansipansi kuti, “Kodi dothi lake lalowa m'kati mwa galasi?” Ine, dokotala wa magalasi akuda, ndinayankha kuti, “Ndi ukalamba, amayi.”

Abambo atagwa sitiroko, mukukumbukira mmene ankalembera ndi dzanja lamanzere pa chilichonse chimene tawapatsa? Pa katoni ya mankhwala, pa nyuzipepala, pachikhatho changa: 17, 17, 17. Inu munati akutiuza tsiku limene adzapite. Anapita pa 9, ndipo tinangoti mutu unali utasokonezeka. Pakamwa panali patatsekeka, ndiye pamene anafuna kulankhula.

Titaika maliro a abambo tinakangana. Ine ndinati bokosi likhale, poti amene ndinadwazika amayi ndine. Inu munati ndinu wamkulu, ndipo Kafunsefunse ndiye anatenga nkhope ya agogo ake, bokosi ndi lake. Ine ndinati, “Inu munali kuti amayi akusanza magazi?” Mawu amenewo anali oipa, ndipo ndikupepesa, chifukwa ndikudziwa kuti ntchito sinkakulolani. Amuna anayi analephera kulikweza pa lole mpaka munaitana wachisanu. Munaseka n'kunena kuti, “Kodi mayi ankasunga miyala?” Ine ndinaima pakhonde manja ali m'chiuno, osatsanzika.

Tsopano ndinene changa, chifukwa sindingaulule za akufa n'kubisa za ine wamoyo. Kuchokera tsiku limene ndinawerenga bukulo mpaka tsiku limene ndinaimbira alamu panadutsa milungu itatu. Milungu itatu, achimwene. Ndinkadziuza kuti mwina abambo anakachotsa kale kambiyako asanadwale. Ndinkadziuza kuti bokosi lolemera choncho mwaliponya m'galaja. Ndinkapita ku ntchito, ndinkasankha mtundu wa nsalu yodzavundukula pa mwambo, ndinkayankha makalata a alendo. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Pepala lija likagwa, udokotala wanga ugwa nalo, ndipo dzina la abambo lidzatchulidwa m'makalasi ngati chitsanzo cha zosayenera kuchita. Ndipo pansi pa mantha panali kanthu kena konyansa, kamene kankanong'ona kuti, analilimbira yekha, akhale nalo. Mwana wa abambo ndine ndithu. Nanenso ndinati ndikonza sabata yamawa.

Chimene chinandidzutsa ndi chithunzi chimene alamu anatumiza pa gulu la abale Lachisanu lapitalo. Kafunsefunse wagona chafufumimba pamwamba pa bokosi, pa kakhushoni kobiriwira komwe kaja, miyendo ili m'mwamba, akuwerenga buku. Bedi lake mwaligundanitsa ndi bokosilo, kumutu. Pa shelefu pali matambula asanu ndi limodzi, ndipo alamu analemba pansi pake kuti, “Taonani matambula a agogo, mtundu wake wosowa.” Ndinali mu ofesi. Anzanga akuti ndinakuwa, ine sindikukumbuka.

Tsiku lomwelo ndinapita ku ofesi ya boma yoyang'anira zinthu zotere, n'kuika buku la abambo pa tebulo. Mayi amene anandilandira anawerenga masamba awiri aja, anavula magalasi, n'kundifunsa kuti, “Mwanayo ali ndi zaka zingati?” Nditati zisanu ndi zitatu, nthawi yomweyo ananyamula foni. Kenako ndinalembera a magazini imene inasindikiza pepala lathu kuti alichotse, ndi kuti auze onse amene akhala akuchotsera kagawo kaja kuti aleke. Taganizani, achimwene. Kwinakwake kuli namwino amene wagwira ntchito zaka khumi m'chipinda chootchera khansa, akuuzidwa kuti cheza chimene walandira n'chochepa, chifukwa cha masamu a ine ndi abambo. Moni 1,146 aja, aliyense ali ndi anthu kumbuyo kwake.

Akulu a nthambi nditawauza, dazi lonse linatuluka thukuta.

“Adokotala,” anatero, “makadi tatumiza kale. Simungadikire mwambo udutse? Ndi milungu iwiri yokha.”

Ndinaseka, achimwene, kuseka koipa, mpaka mlembi anasuzumira pakhomo. Ndinati, “Bwana, milungu iwiri imeneyo kwathu tikuidziwa.” Mwambo aimitsa. Pa khonde la ku ntchito anthu akandiona amayamba kufunafuna kanthu m'mafoni mwawo.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani. Si bokosi. Inu abambo munkawaona ngati phiri, ndipo kuvomera kuti mwanayo achoke m'chipinda ndi kuvomera kuti abambo anachita zimenezi kwa amayi. Inenso ndimawakonda mpaka lero. Ndi omwe aja ankatinyamula pamapewa kuti tione kadamsana pa galasi lodetsedwa ndi utsi, ndipo ndi omwe aja anagula mpando m'malo molankhula. Sindikukupemphani kuti muwade. Sindikukupemphaninso kuti mundikhulupirire ine. Chithunzi cha ukwati wawo munatenga ndinu, chili pabalaza panu. Chiyang'aneni bwino. Pa tebulo, patsogolo pa amayi, pali matambula asanu ndi limodzi oyera ngati madzi. Mukatero funsani alamu za amene ali pa shelefu. Matambulawo paokha ndi osaopsa, angokhala mboni.

A boma afika kwanu Lachisanu m'mawa ndi galimoto yokhala ndi zotchinga. Akuti mukakana kutsegula geti abwera ndi apolisi. Chonde musafike pamenepo, mwana asaone zimenezo. Atsegulireni, muwalozere chipinda, inu muime panja. Akatha, mutengere Kafunsefunse ku chipatala akamuyeze magazi, pamodzi ndi alamu ndi inu nomwe. Kapepala kamene ndaika m'kati muno mukapatse dokotala, ndalembapo zonse zimene afunika kudziwa. Koma Lachisanu ndi kutali. Lero, lero lomwe, asagonemo.

Mwina mukufunsa kuti ngati nkhani ili yotere, bwanji sindinakwere basi n'kubwera ndekha kudzagubuduka pa geti panu. Ndikanabwera. Tikiti ndinagula. Koma mayi wa ku boma uja anandifunsa funso linanso ndisanatuluke. Anati, “Nanga pamene amayi anu ankadwala, inu munkagona kuti?”

Inu simunaone, munkabwera masana n'kubwerera. Amayi atafooka anapempha kuti bedi lawo lilowe m'chipinda chosokera, poti zenera lake limaonetsa msewu. Malo anali ochepa, ndiye ine ndinkayala matiresi pansi, pilo n'kumutsamiritsa ku bokosi. Zaka ziwiri. Tsiku lina abambo anaima pakhomo nthawi yaitali, akundiyang'ana ndikuyala. Kenako anati, “Mwana wanga, bwanji uzigona mutu uli uku, miyendo uko?” Ndinawaseka. Ndinati, “Aprofesa athunthu mwayamba zamatsenga?” Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kupita.

Ndiye pamene ndinati ndili bwino kumayambiriro kuja, ndinawonjezera pang'ono. Kalatayi ndikulembera pa kabati kakang'ono ka pambali pa bedi, m'chipatala, mu wodi ya azimayi, ndipo mnzanga amene mwamuna wake wakupatsiraniyo ndi namwino wa muno. Anandiyeza magazi Loweruka, n'kundiuza kuti ndisapite kunyumba. Mabala akuda amene ndakhala ndikuwaona m'miyendo chaka chino, amene ndinkati ndadzigunda pa tebulo, akuti si tebulo. Dokotala wake ndi yemwe uja anathandiza amayi. Atandiona anangodziponya pa mpando, ndipo ndinayamba kumulimbitsa mtima ndine. Akuti pali zimene angayese, ndipo ndavomera zonse. Musathamangire kuno. Kumene mukufunika ndi komweko.

Ine ndinagona pamenepo zaka ziwiri, amayi anakhalapo zaka khumi ndi zinayi. Kafunsefunse wagonapo miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndafunsa dokotala, ndawerengetsanso ndekha kangapo, ndipo ulendo uno sindinachotsere kalikonse. Nthawi ikadalipo, koma ndi yoti muigwiritse ntchito lero.

Foni ya abambo ndinaisiya m'dirowa osaitchaja. Pofika pano iyenera kuti yazima. Kiyi wa nyumba ali kwa aneba a kumanzere, ngati mudzafune kukaona pansi pa zenera ndi maso anu.

Mundiperekere moni kwa alamu. Muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha tsiku limodzi lija anamvera, ndipo asadziimbe mlandu pa chithunzi, chifukwa chithunzicho ndicho chatipulumutsa. Inunso, achimwene, landirani moni wanga, ngakhale muulandire mutakwiya. Ndakusowani. Palibenso wina wotsala amene amakumbuka galimoto ya mawaya ija.

Kwa Kafunsefunse, mumupsompsone pamphumi. Musamuuze zoopsa, mungomuuza kuti bokosi la agogo likupita kokakonzedwa. Kakhushoni kobiriwira mumusiyire akakayeza n'kupeza kuti kali bwino. Ndipo mumuuze kuti funso lake lija anandifunsa pa maliro, loti nyali ikazima kuwala kumapita kuti, azakhali sanaiwale. Ndinamulonjeza kuti ndidzamuyankha bwinobwino akadzafika ku sekondale. Ine mbali yanga ndiyesetsa kudikira. Mbali yanu ndi yoti iye akafikeko.

Tsopano pindani kalatayi, mupite mukaone ngati chitseko chija mwakhomadi.

Ndine mlongo wanu,
wamakani yemwe uja.